KAPEPALA KODZIWITSA MASIKU OTENGA PATHUPI

Mwana akacedwa kubwera m'banja, kawirikawiri mlandu umagwera mkazi yekha. Tsono awerengi athu adziwe kuti pa mwezi wonse masiku otenga pathupi ali owerengeka. Dzira la mkazi likaturuka likhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, pamene mbeu ya mwamuna ikhoza kulidikira m'thupi la mkazi kufikira masiku 5.

Dzira likayandikira kuturuka, mumkodzo mumacuruka cinthu cina cimene madokotala amacicha LH. Kapepala kogula m'sitolo za mankhwala kamaonetsa cimeneci. Mai amene amasamba pa masiku 28 ali onse ayambe kuyeza pa tsiku la 11, kuwerenga kucokera tsiku loyamba la msambo. Masana ali onse aviike kapepala katsopano mumkodzo, atakhala maora 2 osamwa madzi ambiri. Pa kapepalapo pamaoneka mizere iwiri. Mzere woyeza ukada monga unzace, kapena kuposa, dzira lidzaturuka patapita maora 24 kufikira 36. Tsiku lomwelo ndi mawa lace akhale malo amodzi ndi amuna ao. Mzere wotumbuluka usawanyenge: nthawi siinakwane.

Cenjerani! Kapepalaka si njira yolerera ai, popeza mbeu ya mwamuna ikhoza kukhala italowa kale mzere usanade. Sikauzanso ngati mai waima.

Caka cikatha popanda pathupi, mwamuna ndi mkazi apite ku cipatala onse awiri, pakuti bvuto likhoza kukhalanso mwa mwamuna.