Za Tsamba Limene Ambirife Timadumpha: Mau a Osindikiza Mabuku ndi Udindo Wathu

Munthu akalandira buku latsopano amathamangira mutu woyamba. Komatu kuseri kwa tsamba la dzina la buku kuli tsamba lina la timalemba ting'onoting'ono, limene limatchula amene adafalitsa bukulo, chaka chake, ndiponso ngati likutuluka koyamba kapena lidakonzedwanso. M'mabuku a Eklezia mumapezekanso mau a Chilatini pamodzi ndi dzina la Episkopi. Ife ansembe timagwira mabuku tsiku ndi tsiku: Misale paguwa, Malembo Oyera pogonera, Katekisimu pophunzitsa. Tikapanda kumva mau a osindikiza, tingathe kuphunzitsa akhristu zimene Eklezia adakonza kale, kapena kulemekeza buku kopitirira ulemu wake. Tsono tiyeni tiŵasanthule mauŵa, tione kumene adachokera ndi zimene akutilamula.

Maina a pepala ndi a buku

Liu lakuti pepala tidabwereka ku Chingerezi, ndipo Angerezi nawonso adalibwereka ku papyrus, dzina la gumbwa wa mumtsinje wa Nile. Gumbwa yemweyo amamera m'madambo a Shire. Aejipito ankaseŵa mtima wa gumbwa m'timizere, nkuyala mizere ina chopingasa pamwamba pa inzake, nkupsinja mpaka kuuma. Agriki ankatcha gumbwa wolembapo biblos, ndipo mabuku ambiri ankati biblia: apa ndiye padachokera dzina lakuti Baibulo. Aroma ankatcha buku liber, liu limene poyamba linkatanthauza khungwa lam'kati la mtengo, longa lija makolo athu ankasula chiwondo. Tsamba la buku ankati folium, ndiye kuti tsamba la mtengo, monga momwe ifenso timanenera.

Chikopa cholembapo chinkatchedwa pergamena, potsata mzinda wa Pergamum. Paulo Woyera adapempha Timoteo kuti amtengere zikopa zotere (2 Tim. 4:13). Buku lokulunga ngati mphasa linali volumen, pamene la masamba osokedwa mbali imodzi linali codex. Akhristu oyamba adakonda codex nthaŵi imene anthu ena anali akadali pa mipukutu, pakuti codex amalembedwa mbali zonse ziŵiri za tsamba, ndipo munthu amapeza msanga ndime imene akufuna.

Pepala lenileni, lopangidwa ndi ulusi wa zomera wosinja m'madzi, lidachokera ku China, kumene mbiri imatchula Cai Lun ndi chaka cha 105. Aluya adalifikitsa ku Samarkand ndi ku Baghdad, kenaka ku Spain, ndipo m'zaka za m'ma 1200 mzinda wa Fabriano ku Italy udatchuka nalo. Liu lakuti rimu, mtolo wa mapepala 500 umene timagulira ofesi ya parishi, lidachokera ku Chiluya rizma, kutanthauza mtolo. Motero maina ameneŵa akusunga ulendo wonse wa pepala.

Wosindikiza, wofalitsa ndi mkonzi

Johannes Gutenberg wa ku Mainz adamaliza kusindikiza Baibulo la Chilatini cha m'ma 1455, pogwiritsa ntchito zilembo zachitsulo zotha kusanjidwa ndi kumasulidwanso. Mabuku onse osindikizidwa ku Ulaya chisanafike chaka cha 1501 amatchedwa incunabula, liu lonena za nsalu zokulungira khanda, chifukwa lusoli linali lidakali lakhanda.

Osindikiza sadinda tsamba limodzilimodzi ai. Amadinda masamba ambiri pa chipepala chimodzi chachikulu, nkuchipinda. Chikapindidwa kamodzi chimapereka masamba 4 oŵerengapo, ndipo buku lake ndi folio. Chikapindidwa kaŵiri masamba amakhala 8, ndiye quarto. Katatu amakhala 16, ndiye octavo. Nchifukwa chake mabuku ena amatha ndi masamba opanda kanthu. Wansembe wokonza kabuku ka nyimbo kapena ka mwambo wa Sabata Loyera adziŵe kuti masamba ake ayenera kugaŵika ndi 4, apo ai adzalipira pepala loyera.

Pa Chicheŵa timasokoneza ntchito zitatu poziitana zonse kusindikiza. Wosindikiza ndi mwini makina, amene amadinda zimene wapatsidwa. Wofalitsa ndi amene amasankha buku, kulipira ndalama zake ndi kuyankha mlandu wa zimene zalembedwamo. Mkonzi ndi amene amawongola zolembedwazo zisanapite ku makina. Nyumba ngati Likuni Press ndi Montfort Media zakhala zikugwira ntchito zonsezi pamodzi, koma udindo wa iliyonse ndi wosiyana. Kabuku kakatuluka m'dzina la parishi, wofalitsa ndi bambo mfumu, ndipo sangakankhire cholakwa kwa mwini makina.

Liu la Chilatini lakuti imprimere limatanthauza kukanikiza chidindo mpaka chisiye chizindikiro. Ndi liu lomweli limene Msonkhano wa ku Trento udagwiritsa ntchito mu 1547 pophunzitsa kuti Ubatizo, Ulimbitso ndi Ukulu zimadinda mumtima chizindikiro chosafafanizika. Makolo athu m'chikhulupiriro adaona kuti chinthu chodindidwa sichibwerera.

Cholakwa chikaloŵa m'makina

Mlembi wakale akalakwa pokopera, buku limodzi lokha ndilo linkaonongeka. Makina akalakwa, cholakwa chomwecho chimaberekana m'mabuku zikwi. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Ku London mu 1631, Robert Barker ndi Martin Lucas adasindikiza Baibulo la Chingerezi m'mene kaliu kamodzi kokana kadasoŵa pa lamulo loletsa chigololo, kotero kuti lamulolo lidasanduka lolamula tchimo. Adalipitsidwa mapaundi 300, ndipo mabukuwo adalamulidwa kuti aonongedwe.

Tisaseke anzathu, pakuti zidatigweranso ife. Papa Sixtus V adatulutsa Baibulo la Vulgata mu 1590, ataliyang'anira iye mwini. Zolakwa zina adazikonza pomata timapepala pamwamba pa mau. Papayo atamwalira chaka chomwecho, bukulo lidaletsedwa kugulitsidwa, ndipo mu 1592 Papa Clement VIII adatulutsa lina losiyana nalo m'malo ambirimbiri. Ngati dzanja la Papa silidatchinjirize buku ku zolakwa, nanji lathu.

Nchifukwa chake osindikiza amayamba atulutsa masamba oyesera kuti aŵerengedwe. Woŵerenga amaika m'mphepete chizindikiro cha dele, kutanthauza fafaniza, kapena stet, kutanthauza zisiye momwe zinaliri. Zolakwa zopezeka buku litatuluka kale zimandandalikidwa pa tsamba la errata kapena corrigenda. Wolemba asadziŵerengere yekha masamba oyesera, chifukwa diso lake limaona zimene mtima wake udafuna kulemba. Pa chilankhulo chathu ngozi ndi yaikulu, pakuti kukana kumagona m'kachilembo kamodzi kapena tiŵiri: "adza" ndi "sadza" zimasiyana ndi s yekha.

Nihil obstat, Imprimi potest, Imprimatur

Patangopita zaka 60 chiyambire makina a Gutenberg, Msonkhano wachisanu wa ku Laterano mu 1515 udalamula kuti mabuku aziyamba aonedwa ndi akulu a Eklezia asanasindikizidwe. Mu 1559 Papa Paul IV adatulutsa mndandanda wa mabuku oletsedwa, umene udaleka kukhala lamulo mu 1966. Malamulo amene tikutsata lero ali m'Buku la Malamulo a Eklezia la 1983, kuyambira kanoni 822 mpaka 832, ndipo sakhudza buku lililonse ai. Amakhudza makamaka Malembo Oyera, mabuku a Liturjia, a mapemphero, makatekisimu, ndi mabuku ophunzitsira za chikhulupiriro m'sukulu.

Nihil obstat ndiye kuti palibe choletsa. Amalemba ndi censor, katswiri wosankhidwa kuti aŵerenge bukulo. Kanoni 830 imamuuza kuti asayang'ane nkhope ya munthu, koma aweruze potsata chiphunzitso cha Eklezia chokha pa za chikhulupiriro ndi makhalidwe. Imprimi potest ndiye kuti lingathe kusindikizidwa: ndi chilolezo cha mkulu wa chipani kwa wolemba amene ali m'chipani cha odzipereka. Imprimatur ndiye kuti lisindikizidwe, ndipo amapereka ndi Episkopi kapena wina wokhala ndi mphamvu zake mu dayosizi.

Apa ambiri timaphonya. Imprimatur sikunena kuti Episkopi akugwirizana ndi maganizo onse a wolemba, kapena kuti bukulo ndi lanzeru, kapena kuti zaka ndi maina ake ndi zolondola. Ikungochitira umboni kuti simudapezeke chotsutsana ndi chikhulupiriro ndi makhalidwe. Buku lingakhale nayo koma nkukhala lofooka. Lina lingakhale lopanda, chifukwa lamulo silidaifune, koma nkukhala labwino. Wophunzira wa m'seminale amene amatseka mtsutso ponena kuti buku lake lili ndi Imprimatur sadayambe kuganiza.

Kanoni 829 ikutikhudza kwambiri ife a kuno. Chilolezo chimagwira pa mau oyambirira okha, osati pa buku lokonzedwanso kapena lomasuliridwa. Tikamasulira m'Chicheŵa kabuku ka Chingerezi kovomerezeka, sitiloledwa kungokopera Imprimatur yake. Chifukwa chake nchomveka: womasulira angathe kuloŵetsa cholakwa chimene mwini buku sadalote nkomwe.

Editio typica

Buku likasindikizidwanso popanda kusintha liu, ndi lomwe lija. Likakonzedwa, limakhala editio yatsopano, ndipo tsamba lija limanena. Editio typica ndi buku lachitsanzo lotulutsidwa ndi Likulu la Eklezia, limene ena onse ayenera kutsata. Misale ya Chiroma yokonzedwa pambuyo pa Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatikano idatuluka mu 1970, kachiŵiri mu 1975, kachitatu mu 2002, ndipo idawongoledwa pang'ono mu 2008. Mau akuti Concordat cum originali ndi umboni wakuti buku la Liturjia losindikizidwanso likufanana ndi lovomerezeka. Kuyambira mu 2017, pamene Papa Francis adasintha kanoni 838 ndi kalata ya Magnum principium, Bungwe la Maepiskopi ndilo limavomereza kumasulira kwa mabuku a Liturjia, ndipo Roma amatsimikiza.

Chitsanzo cha Katekisimu wa Eklezia Katolika chikuonetsa kulemera kwa nkhaniyi. Adatuluka koyamba m'Chifalansa mu 1992, koma editio typica ya Chilatini idabwera mu 1997 ndi zosintha zina. Mu 2018 ndime 2267 idalembedwanso, ndipo tsopano imaphunzitsa kuti chilango cha imfa nchosaloledwa. Wansembe amene atsegula Katekisimu wakale osayang'ana chaka, nkuyankha mkhristu wofunsa za kunyonga, adzanena m'dzina la Eklezia zimene Eklezia sakunenanso. Chimodzimodzi tikamatchula vesi, tizidziŵa ngati tagwira Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera a 1966, kapena Buku Loyera la 1998, pakuti mau ake safanana.

Zotsalira kwa ife

Masiku ano aliyense wokhala ndi kompyuta ndi wosindikiza. Mapemphero, manovena ndi zidutswa za katekisimu zimayenda pa WhatsApp ndi m'mapepala okopera, zopanda dzina, zopanda chaka, zopanda woziyankhira mlandu. Akhristu amabwera nazo kwa ife kuti tiŵauze ngati nzoona. Tsono tizoloŵere mafunso anai pa cholembedwa chilichonse: adalemba ndani, adafalitsa ndani, chaka chanji, ndipo adavomereza ndani. Tiŵaphunzitsenso akatekisiti athu mafunso omweŵa. Ndipo ife eni, tikamatulutsa ngakhale kapepala ka Lamulungu, tilembepo dzina la parishi ndi tsiku, tipemphe mnzathu akaŵerenge kasanapite ku makina, ndipo ngati ndi pemphero kapena chiphunzitso chatsopano, tipite nako kwa Ambuye Episkopi.