Kadulidwe ka Zitsanzo Pofufuza Mau m'Nkhokwe za Malemba

Munthu akafunsa kompyuta kuti imfunire liu m'nkhokwe ya malemba, siimtulutsira buku lonse ayi. Imangodula kachigawo kochepa, liu lofunidwalo lili pakati, mau angapo kumanzere ndi angapo kumanja. Njira imeneyi, yotchedwa KWIC, anaifalitsa ndi Hans Peter Luhn wa ku IBM chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo amene anaikonza anali kuganizira Chingerezi. Funso lathu nlakuti: m'ziyankhulo zathu mpeni umenewu uzidula pati?

Ku Yunivesite ya Pretoria, D.J. Prinsloo ndi G-M. de Schryver anasonkhanitsa malemba a Sepedi m'kompyuta, ndipo m'chaka cha 2000 anafotokoza m'mene mizere yotere ingathandizire olemba mtanthauziramau. Koma tikumbukire kuti m'Sepedi mneni amalembedwa modukizadukiza: ke a mo rata ndi mau anai, pamene ife timati ndimamkonda, liu limodzi. Tsono kompyuta ikalamulidwa kuŵerenga mau asanu mbali iliyonse, woŵerenga Sepedi amalandira kachidutswa kochepa, pamene wa Chicheŵa angathe kulandira ziganizo ziŵiri zathunthu. Muyeso umodzi sungakwanire ziyankhulo ziŵiri zonsezi.

Kwa ife vuto lalikulu lili pa mgwirizanitsi. Tiyerekeze kuti kachigawoko kayambira pa mau akuti chinagwa usiku. Chinagwacho nchiyani, chipupa, chitseko kapena chilombo? Chi- akuloza dzina limene mpeni uja walisiya kunja, ndipo chitsanzo chotere sichiphunzitsa kanthu wolemba mtanthauziramau. Motero ife tikuganiza kuti kumanzere kompyuta izibwerera kufikira pa dzina lolamulira mgwirizanitsiyo, kapena pachiyambi cha chiganizo, ngakhale mzerewo utalike motani. Kumanja ndiko tingathe kuumira.

Kupeza liu lenilenilo kulinso ndi msampha wake. Wofuna tsinde -ona akalemba zilembo zitatuzo, kompyuta imambweretsera anamuona ndi tidzaonana, nimsakanizira kugona, koma kuoneka ndi kuonetsa imazilumpha. Mankhwala ake ndi pulogalamu yodziŵa kupatula tsinde ku aphatikiri ake, yonga ija Laurette Pretorius ndi Sonja Bosch anakonzera Chizulu ku Unisa, mumzinda womwewo wa Pretoria. Popeza Chizulu chimalemba mneni mophatikiza monga Chicheŵa, ntchito yao ndiyo ili pafupi ndi zosoŵa zathu koposa ya Sepedi.