Nthawi yoika malonda pa Facebook nayo ndi mpamba

Wogulitsa tomato pa Lizulu sadikira dzuwa lifike paliwombo kuti ayale katundu wake. Amadziwa nthawi imene mabasi ndi magalimoto a mumsewu wa M1 amaima, ndipo akamafika amapeza milu yaunjikidwa kale. Nzeru imeneyi ndi imene ikusowa kwa amalonda ambiri amene atsegula benchi lina pa Facebook, WhatsApp ndi Instagram. Katundu ali naye wabwino, zithunzi amajambula zooneka bwino, koma amaziika pamene iwo apeza mpata, osati pamene ogula ali pa foni.

Mwachitsanzo, mayi wa kaunjika mumsika wa Tsoka ku Lilongwe akatsegula belo m'mawa, tsiku lonse limathera kusankha zovala, kunenerera ndi kupereka chenji. Zithunzi za madiresi amaziika cha m'ma 11 koloko usiku, atatopa, makasitomala ake atagona. Pofika m'mawa uthengawo umakhala utakwiririka ndi nkhani za mpira, ndale ndi maukwati. Bandulo yatha, koma palibe wafunsa mtengo.

Chida chilipo, ndipo n'chaulere

Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, ili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Meta Business Suite, imene imalowa pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Wamalonda amene ali ndi tsamba la bizinesi pa Facebook amalemba uthenga, n'kuikapo chithunzi, ndipo m'malo moutumiza pompo amadina pamene palembedwa Schedule, n'kusankha tsiku ndi ola. Gawo lotchedwa Planner limaonetsa ngati kalendala mauthenga onse amene akudikira kutuluka. Ngati tsambalo lalumikizidwa ndi Instagram, uthenga umodzi ukhoza kutuluka mbali zonse ziwiri.

Phindu lake kuno kwathu ndi loti uthenga ukakonzedwa umasungidwa ku makina a kampaniyo, osati mufoni. Magetsi akathima foni n'kuzima, kapena bandulo ikatha, uthengawo umatulukabe pa nthawi yake. Wamalonda akhoza kukhala pansi Lamulungu madzulo, pamene netiweki ili bwino, n'kukonza mauthenga a sabata yonse pa bandulo imodzi.

Pa WhatsApp nkhani ndi ina. Status imakhala maola 24 okha, kenaka imazimiririka, choncho alamu ya pa foni yokumbutsa nthawi yoika chithunzi imathandiza kwambiri. WhatsApp Business nayo ili ndi malo oyalapo katundu ndi mitengo yake, komanso uthenga wodziyankha wokha umene ungatcheredwe kuti uzipita kwa ofunsa nthawi imene shopu yatsekedwa.

Ola labwino ndi la ogula, si la wogulitsa

Palibe ola limodzi loyenera malonda onse. Wophika nsima ndi nkhuku yoperekera m'maofesi a ku Blantyre ayenera kuonetsa mbale zake anthu asanaganize za nkhomaliro, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Akaika 1 koloko masana, apeza ena adya kale. Wogulitsa nsapato ndi zovala amapindula madzulo, anthu ali mu minibasi pobwerera kunyumba kapena atamaliza mgonero. Woitanitsa chambo kapena usipa kuchokera ku Mangochi ayenera kulengeza dzulo lake, kuti maoda adziwike nsomba zisananyamuke kunyanja.

Tsamba la bizinesi lili ndi gawo la Insights, limene limaonetsa anthu angati aona uthenga uliwonse ndi angati achitapo kanthu. Komabe kope wamba limaposa zonsezi. Kwa milungu iwiri, wamalonda aike katundu wofanana pa maola osiyana, ndipo azilemba anthu amene afunsa mtengo ndi amene atumizadi ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Zala zokweza m'mwamba ndi timitima zimasangalatsa, koma sizilipira lendi ya shopu.

Amene amagulitsa kwa Amalawi okhala kunja, monga ogulira makolo awo feteleza, malata kapena thumba la mpunga, akumbukire za kusiyana kwa nthawi. Johannesburg ndi Lilongwe wotchi imawerenga chimodzimodzi, koma London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto a Malichi mpaka kumapeto a Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Uthenga wa 6 koloko m'mawa kuno umawapeza ali mtulo.

Kalendala ya ndalama

Kupatula ola, palinso tsiku ndi nyengo. Anthu apantchito amakhala ndi kangachepe kumapeto kwa mwezi, kotero katundu wodula monga mipando, mafiriji ndi masuti ayambe kuonekera masiku angapo malipiro asanatuluke, kuti wogula amuike m'bajeti. Pakati pa mwezi ndi nthawi ya tinthu totsika mtengo ndi timilu ting'onoting'ono.

Mayunifolomu, zikwama ndi makope zimayenda chaka cha sukulu chikamayandikira kutsegulidwa mu Sepitembala. Zitenje ndi mphatso zimafunidwa lisanafike Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Mbewu, makasu ndi mapepala ofolera nyumba zimasakidwa mvula isanagwe, ndipo m'madera a fodya monga Kasungu ndi Dowa ndalama imayamba kuoneka misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo. Masiku amenewa amadziwika chaka chisanayambe. Wolengeza tsikulo litafika amapeza anzake atatenga kale makasitomala.

Msampha uli pa mtengo

Walira mvula walira matope. Makina amatumiza zimene anauzidwa, sadziwa zimene zachitika pamsika. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha m'masiku ochepa. Mafuta a galimoto akakwera, mtengo wa mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano nawo sukhala pamodzi. Uthenga umene unakonzedwa Lamulungu uli ndi mtengo wakale ukatuluka Lachisanu, wamalonda amatsala ndi njira ziwiri zowawa: kugulitsa moluza, kapena kuuza kasitomala kuti mtengo wasintha n'kutchedwa wabodza pagulu. Malamulo oteteza ogula m'dziko muno amaletsanso kutsatsa malonda mosocheretsa anthu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Njira yabwino ndi kugawa mauthenga pawiri. Okonzeratu akhale a zinthu zosasintha msanga: malo a shopu, maola otsegulira, mtundu wa katundu, kasamalidwe kake, madera amene katundu amakaperekedwa. Mitengo ya zinthu zosachedwa kusintha, monga ndiwo zamasamba, nsomba, chimanga, shuga ndi mafuta ophikira, iziikidwa tsiku lomwelo, ndipo pazilembedwa deti. Katundu wa mtundu umodzi wokha, ngati jekete la m'belo, akagulidwa, uthenga wake umene ukudikira uchotsedwe nthawi yomweyo.

Msampha wina ndi wa ulemu. Namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, dziko lonse linali pa chisoni. Uthenga wanthabwala wotsatsa malonda wotuluka wokha pa tsiku ngati limenelo, kapena m'dera mutagwa maliro, umaipitsa dzina limene latenga zaka kuti limangike. Choncho m'mawa uliwonse wamalonda ayang'ane zimene zituluke tsikulo, ndipo aimitse zosayenera.

Benchi lisakhale lopanda mwini

Kukonzeratu mauthenga sikulowa m'malo mwa wogulitsa. Munthu akafunsa kuti "zingati?" n'kukhala maola asanu osayankhidwa, amapita kwa wina, monga momwe amachitira akapeza benchi lopanda mwini mumsika wa Limbe. Ola losankhidwa likhale limene mwini malonda, mwana wake kapena womuthandiza angathe kugwira foni kwa mphindi 30 zoyambirira. Mayankho achangu amakopanso ena amene amangowerenga mwakachetechete.

Kuchulutsa mauthenga nakonso kumatopetsa. Zithunzi 40 pa Status tsiku limodzi zimadya bandulo ya makasitomala, ndipo ambiri amangotseka kuti asamazionenso. Uthenga umodzi kapena awiri patsiku, wa chithunzi chowala, mtengo woona ndi nambala yoimbira, umagwira ntchito kuposa mulu wa zithunzi zosalongosoka.

Poyambira n'posavuta: ola limodzi Lamulungu lokonza sabata, mphindi zisanu m'mawa uliwonse zoona ngati mitengo ikadali yomweyo, ndi kope lolemba amene agula. Pakutha kwa mwezi, kopelo lidzanena lokha maola amene amabweretsa ndalama ndi amene amangodya bandulo.