Ng'ombe Yodzaza Ndowa Imachedweranji Kutenga Bere?

Alimi ambiri amadandaula kuti ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri ndiyo imavuta kutenga bere. Dandauloli lili ndi maziko, koma mkakawo sindiwo wolakwa weniweni. Bere la ng'ombe limatha masiku pafupifupi 280, choncho kuti izibereka chaka ndi chaka iyenera kutenganso lina pofika masiku 85 chiberekereni. Tsoka lake, mkaka umafika pachimake pakati pa sabata 4 ndi 8, ng'ombeyo isanayambe kudya mokwanira. Zotuluka zikaposa zolowa, imasungunula mafuta a m'thupi mwake, ndipo thupi lomwe likuwonda limayamba laimika zobereka, dzira n'kuchedwa kukhwima. Palinso china. Ng'ombe yodya kwambiri, chiwindi chake chimachotsa msanga m'magazi mahomoni oyendetsa kubereka, motero zizindikiro zofuna nkhunzi zimaoneka maola ochepa, mwinanso usiku. Mlimi akaphonya, adikire masiku ena 21.

Wina angatsutse kuti vutoli ndi la mtundu, ndipo angaloze ku America, kumene ng'ombe za Holstein zinkachulutsa mkaka kwa zaka zambiri uku kutenga bere kukutsika. Mtundu ulimodi, sitikana. Koma kumeneko nkhunzi ankazisankha poyang'ana mkaka, zobereka osazilabadira. Mu 2003 adayamba kuyesanso nkhunzi poona mmene ana ake aakazi amatengera bere. Kutsika kuja kudaima, zinthu n'kuyamba kukwera, mkaka nawo osaleka kuchuluka. Mkaka ndi bere zikadakhala zosayendera limodzi, izi sizikadatheka.

Winanso anganene kuti ku Thyolo kapena ku Chiradzulu nkhaniyi siyikutikhudza, popeza ng'ombe zathu sizifika pa mkaka wa ku America. Apa mpamene ambiri amasokera, chifukwa chopweteka ng'ombe si kuchuluka kwa malita, koma kuperewera kwa chakudya poyerekeza ndi malitawo. Ng'ombe ya Friesian imene yabereka mu Seputembala, nsenjere itauma, gaga atakwera mtengo, imawonda ngakhale ikupereka malita 10 okha, ndipo kutentha kwa Okutobala kumafooketsanso zizindikiro zija. Musafulumire kuigulitsa ng'ombe yotere poiyesa yosabereka. Sungirani chilimwe udzu ndi zotsalira za mtedza, ipatseni chakudya chabwino koposa m'miyezi itatu yoyamba, iyendereni m'khola m'mawa ndi madzulo, ndipo masiku 60 akadutsa isanaonetse chizindikiro, itanani alangizi a ziweto.