Owotcherera zitsulo ku Highfield ali ndi luso koma ambiri alibe satifiketi

HARARE - Pamalo a malonda a Gazaland, m'dera la Highfield mumzinda wa Harare, amisiri amawotcherera mageti, mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo ndi ngolo pabwalo, m'mbali mwa msewu. Ambiri a iwo sanaphunzire ntchitoyi kukoleji.

Highfield inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala antchito achikuda, ndipo ili pafupi ndi mafakitale a ku Southerton ndi Willowvale. Ena mwa antchitowo anali ochokera ku Nyasaland, omwe zidzukulu zawo zidakali komweko. Boma la Zimbabwe litayamba ndondomeko ya zachuma ya ESAP mu 1991, makampani ambiri anachotsa antchito. Amisiri ochotsedwawo anatsegula malo awoawo ndi kuyamba kuphunzitsa achinyamata.

Kuphunzira kwake n'kwapang'onopang'ono. Mnyamata amayamba ndi kudula zitsulo, kupala dzimbiri ndi kugwirira pamene mmisiri akuwotcherera. Akapatsidwa makina, phunziro loyamba ndi kuyeza mphamvu ya magetsi: ikachepa ndodo yowotcherera imamatirira, ikachuluka chitsulo chimabooka. Amene wayang'ana motowo wopanda chotchinga kumaso amadzuka pakati pa usiku maso akuwawa ngati mwalowa mchenga.

Vuto limabwera pofuna ntchito kumigodi, kumafakitale kapena ku South Africa, komwe amafunsa satifiketi. Njira yodziwika ndi maphunziro a zaka 4 pakampani, ophatikiza ndi makalasi a kukoleji ngati Harare Polytechnic, koma polowa pamafunika kukhoza maphunziro 5 a O Level, kuphatikizapo masamu, sayansi ndi Chingerezi. Izi zimatsekereza amisiri aluso ambiri.

Njira ina ndi mayeso a boma a trade test, omwe amayambira Class 4 mpaka Class 1, gawo lapamwamba. Wolemba amayenera kusonyeza umboni woti wagwira ntchitoyo, chinthu chovuta kwa munthu amene anaphunzira pansi pa mtengo, kwa bwana wopanda kaundula.

Malo ogwirira ntchitowo nawonso ndi osadalirika. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi malo a malonda pa Operation Murambatsvina, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, ndipo owotcherera ambiri mu Harare ankagwira ntchito usiku.