Matumba 100 a mpunga: momwe chuma cha dziko chimasunthira

Tikayang'ana njinga zamoto za kabaza pamsewu wochoka kuno ku Lifuwu kupita ku Salima, kapena mafoni ndi masola athu, tiona kuti zambiri n'zochokera ku China ndi ku India. Makolo athu ankadziwa katundu wa ku Mangalande. Kodi chinasintha n'chiyani?

Tiyerekeze kuti zonse zimene dziko lapansi limapanga pachaka ndi matumba 100 a mpunga a makilogalamu 50. Malinga ndi kawerengedwe ka katswiri wa mbiri ya zachuma, Angus Maddison, mu 1820 China inali ndi matumba pafupifupi 33, India 16. Mayiko awiriwa anali ndi theka la nkhokwe yonse. Masiku amenewo malonda a kunyanja kuno ankayang'ana kum'mawa. Amalonda a Chiyao ankapita ku Kilwa, ndipo m'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota. Nsalu ndi mikanda zinkabwera, minyanga ya njovu inkapita, komanso akapolo, chomwe ndi chipsera m'mbiri yathu.

Kenaka mafakitale a ku Ulaya ndi America anatembenuza zinthu. Pofika 1950, America inali ndi matumba 27, pomwe China ndi India anatsala ndi matumba osapitirira 5 aliyense. Lero, tikawerengera zimene ndalama imagula m'dziko lililonse, China ili ndi matumba pafupifupi 19, America 15, India 8. Nanga Malawi? Gawo lathu silikwana ngakhale thumba limodzi: ndi pafupifupi kilogalamu imodzi.

China sinabwerere pamwamba tsiku limodzi. Kuyambira 1978, pansi pa Deng Xiaoping, alimi analoledwa kugulitsa zokolola zotsala, mafakitale anatsegulidwa, ndipo kwa zaka zoposa 30 chuma chinkakula ndi maperesenti pafupifupi 10 pachaka. Pali samu yosavuta imene timaphunzitsa ana kusekondale: gawani 70 ndi peresenti ya kakulidwe, mupeza zaka zimene chuma chidzawirikize kawiri. Pa maperesenti 10 ndi zaka 7. Pa maperesenti 2 ndi zaka 35. Ndiye kuti pa zaka 35 zomwezo, woyambayo wawirikiza ka 32, winayo kawiri kokha.

Kusinthaku tikukuona ndi maso. Boma lathu linasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirizana ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi bwalo la Bingu anamanga ndi Matchaina. Fakitale ya shuga ya kuno ku Salima inamangidwa ndi ngongole yochokera ku India.

Koma kusintha kwa ogulitsa sikutilemeretsa ife ogula. Kuyambira 2022 mpaka 2024, chuma cha Malawi chinkakula ndi maperesenti osapitirira 2 pachaka, pomwe chiwerengero cha anthu chikukwera ndi oposa 2.5. Mphika ukukula pang'onopang'ono kuposa odya, ndipo aliyense gawo lake likuchepa. Kwacha itagwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, tinamva kuwawa pamtengo wa feteleza, mafuta ndi maukonde, chifukwa timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa.

Tichitenji ife a m'mbali mwa nyanja? Mpunga wathu wa Kilombero ndi Faya tikaugulitsa wosapuntha kwa mavenda nthawi yokolola, phindu limapita kwa wopuntha ndi wolongedza. Alimi akagwirizana n'kuusunga, kuupuntha ndi kuugulitsa limodzi, phindulo limatsala kuno. Chimodzimodzi usipa woumitsidwa bwino pathandala loyera.

Chachikulu ndi ana. Masomphenya a Malawi 2063 adzakwaniritsidwa ndi amene ali mu Sitandade 1 lero, omwe panthawiyo adzakhale a zaka za m'ma 40. Mnyamata amene tamuchotsa m'kalasi kuti akakoke khoka, kapena mtsikana amene tamukwatitsa asanamalize sukulu, sadzatha kuwerenga mgwirizano wa malonda ndi wogula wa ku Mumbai kapena Guangzhou. Madrasa masana, sukulu m'mawa: tisalekerere chimodzi mwa ziwirizi.