Sitolo Yotsegula, Mashelufu Opanda Kanthu

Tikapita mu mzinda wa Tete kukagula sopo, mchere kapena chitenje, nthaŵi zina timapeza sitolo yotsegula koma mashelufu ali mbee! Timati mwini wake ndi waulesi. Kaŵirikaŵiri si ulesi ayi. Ndi ngongole.

Mwini sitolo sapanga yekha katundu. Amakapikula. Ndalama zolipira zonse pompo sakhala nazo, ndiye wopikulitsa amampatsa katundu pa ngongole kuti agulitse kaye, adzalipire pambuyo. Malonda akavuta, mwini sitolo amachedwa kulipira. Wopikulitsa amaopa kutaya chuma chake, nanena kuti, "Ndalama patsogolo." Katundu watsopano sabwera. Ogula amapita kwina. Tsono ngongole ija ailipira ndi chiyani?

Izi zimagwera ngakhale masitolo akuluakulu. Ku Britain kampani ya GAME inali ndi masitolo oposa 600 ogulitsa maseŵera a pa kompyuta. Pa Khirisimasi ya 2011 malonda ake sanayende bwino. Inapempha makampani opanga maseŵerawo kuti aipatse katundu pa ngongole yofeŵa. Kampani ya Electronic Arts sinagwirizane nayo. Mu Malichi 2012 maseŵera atsopano otchedwa Mass Effect 3 anatuluka, koma m'masitolo a GAME munalibe. Anthu amene anali atapereka kale chikole anakagula kwina. Makampani enanso anasiya kutumiza katundu. Pa 26 Malichi kampaniyo inagwa. Masitolo 277 anatsekedwa, ndipo anthu oposa 2,000 anachotsedwa ntchito.

Sitikunena kuti Electronic Arts inachita nkhanza. Ifenso sitibwereketsa khasu kwa munthu amene sanabweze nkhwangwa. Koma amene anavutika kwambiri ndi antchito a m'masitolo aja, anthu amene sanakongole kanthu.

Kuno kwathu mashelufu opanda kanthu timawakumbukira. Titalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri a makantini anachoka, ndipo njira zobweretsera katundu kumidzi zinaduka. Boma linatsegula masitolo otchedwa Lojas do Povo, koma katundu ankasoŵa. Mlimi ankagulitsa chimanga, ndalama n'kukhala nazo m'manja, sopo osampeza. Alimi ena a ku Angónia ankangoolotsa mbewu zawo ku Malaŵi, kumene ankatha kugula mchere ndi nsalu. Mu 1980 Pulezidenti Samora Machel ananena kuti kugulitsa tinthu ting'onoting'ono si ntchito ya boma, ndipo masitolo aja anayamba kuperekedwa kwa anthu wamba amalonda.